Botolo la Ajira

Inu, nkhani ya Ajira ndi botolo lake palibe amene sanaimve pa Nkope, koma ambiri akuikamba mokhotetsa. Mmene zinayendera ndi motere.

A Gondwe, aphunzitsi a sayansi a Sitandade 7 ochokera ku Rumphi aja, ananena kuti abwereka maikulosikopu, chida choonera tizilombo tosaoneka ndi maso, kusekondale, tsiku limodzi lokha, Lachinayi la sabata yachitatu. Aliyense asunge madzi a pachithaphwi m'botolo. Amene madzi ake adzaonetse tizilombo tamoyo tambiri ndiye adzapite ku chionetsero cha sayansi ku Monkey Bay. Mmodzi yekha! Ajira, amene sitima ya Ilala amangoimva kwa anzake, anati malo amenewo ndi ake basi.

Anakapempha botolo lalikulu la maswiti kugolosale ya a Latif. Pansi anaikamo matope ndi timiyala, kenako ndere ndi madzi a pachithaphwi cha kuseri kwa mzikiti, n'kuliika pawindo. Sabata yoyamba, zii. Madzi ofiira okhaokha. Sabata yachiwiri matope anakhala pansi, ndipo atasuzumira ndi galasi limodzi la magalasi owerengera a malume ake omwe anathyoka, anaona timadontho toyera tikudumphadumpha.

Timadonthoto anatipatsa mayina pomwepo. Kena kongozungulira botolo lonse osapuma anakatcha mayi Elsie, a pamjigo aja, amene nkhani za eni sizigona nawo. Kena kongobisala mu ndere tsiku lonse anakatcha a Bryson, paja iwo ngakhale usipa utatuluka chotani sachoka pakhonde. Koma chomwe chinkamunyansa n'chakuti ngakhale atsinzine diso mpaka misozi, tonse tinali timadontho basi. Kodi tili ndi miyendo? Pakamwa pali pati? Ankangodziuza kuti Lachinayi adziwa.

Ndiye Lachitatu alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo kugawa kolorini, chifukwa kolera inali itamveka m'midzi yoyandikana. Tsono amayi ake a Ajira ali m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, ndipo udindowo amaunyadira kuposa mpango wawo wa pa Idi.

Ajira pobwera kusukulu anapeza botolo likuwala ngati la m'sitolo. Matope mulibe. Ndere mulibe. Madzi mbee, fungo ngati la kuchipatala.

"Amayi! Botolo langa mwalitani?"

"Ndakutsukira," anatero amayi ake akusankha nyemba. "Ndi phulusa, kawiri. Ndathiramo a pamjigo, ndi kachivindikiro ka mankhwala. Osathokoza bwanji?"

"Mwapha mayi Elsie!"

"Iwe, pakamwa pakopo! Mayi Elsie ndasiyana nawo pompano."

"Tizilombo tanga, amayi! Ndi ta kusukulu!"

"Eya, tizilomboto. Alangizi alowe m'nyumba ya wa komiti apeze chithaphwi pawindo? Ukufuna mudzi wonse undiseke? Sukulu yanji yoweta matenda?"

Ajira anafuna kufotokoza kuti sanali madzi akumwa, koma anangotola kachitini n'kuthamangira kuseri kwa mzikiti. Kufika, mayo ine! Chithaphwi chija achikwirira ndi mchenga, pamwamba aikapo minga. Komiti yomweyo ya amayi ake, m'mawa womwewo. Ajira anakumba ndi manja, anangopeza chigoba cha nkhono.

Lachinayi m'mawa anatunga madzi a m'ngalande ya pamjigo, pomwe anthu amachapira. Ankadziwa kuti ndi sopo yekhayekha, koma akanatani? Kupita chimanjamanja?

M'kalasi a Gondwe anaika maikulosikopu patebulo la pawindo, atavala nkhope ya munthu amene wanyamula mwana wa eni. "Osagwiragwira! Mukaswa ichi ine ndibwerera ku Rumphi wapansi." Anadontheza dontho la madzi a Ajira pakagalasi, n'kupotokola kachitsulo ka m'mbali.

Ajira anasuzumira. Anaona chinthu chozungulira, chakuda m'mphepete.

"Sala, ndachiona! Chachikulu!"

A Gondwe anayang'ana. "Limenelo ndi thovu, Ajira. Ndipo ako ndi kaulusi ka chitenje. Wochapayo tamupeza, koma chamoyo palibe."

Kalasi yonse inafa ndi phwete.

Kenako panabwera Matilda, mwana wa a katekisiti. Inu, Matilda ameneyu anali ataiwaliratu za ntchitoyi! Anakumbukira ali kale panjira, n'kubwerera kukatunga m'beseni losambira abakha a kwawo, ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa. A Gondwe atasuzumira anaimba kamluzu.

"Aa, muli msika muno! Bwerani mmodzimmodzi."

Ajira anati sapita. Anapinda manja. Koma mzere utatha miyendo inamutengera yokha.

Munali dziko, inu. Kena kangati nsapato, kaubweya thupi lonse, kakupalasa uku kakudzipotokola. Kena kobiriwira kakamchira. Ndipo pakati penipeni panali kodumphadumpha kaja, kofanana ndendende ndi mayi Elsie ake. Kanali ndi diso limodzi lakuda, timikono ngati nthambi, ndipo m'mimba mwake munkaoneka zonse, mpaka kanthu kakugunda msangamsanga. Masabata atatu akufunsa, yankho n'kulipeza m'madzi a abakha a Matilda!

"Zonyansa eti?" anatero Matilda akukwinya mphuno. "Ine sindifuna n'kuyang'ananso komwe. Sala, ku Monkey Bay tikadya chiyani?"



Kunyumba Ajira anapeza botolo lija lili pashelefu, amayi ake athiramo mchere.

"Wabwerako? Nanga zayenda bwanji? Aphunzitsi sanayamikire ukhondo?"

"Apita ndi Matilda."

"Wa abakha uja? Hii, pakhomo paja ndiye tikapitepo mawa ndi komiti. Beseni lija lanyanya."

Ajira anaponya chikwama pamphasa, n'kutola kachitini kake, ulendo wa kwa a katekisiti, kuti akafike ku besenilo amayi ake asanafikeko.