Njinga ya M'kaseti

Wailesi ya kaseti itasintha kaliridwe, Esme anaidumphira n'kudina batani loimitsa, koma anali atachedwa. Kaseti inatuluka ikukoka matumbo, tepi yonse itapiringizika, penapake itaduka. Anakhala pansi pasimenti ataifumbata. Gemu ya bambo ake inasungidwa mmenemo mokha.

A Hudson Mhango anaphunzitsa masamu kusekondale zaka makumi atatu. Kompyuta yakaleyo, yongokhala mabatani okhaokha, yolumikiza ku TV n'kumawerenga magemu kuchokera m'kaseti, anawasiyira mphunzitsi mnzawo wachizungu pobwerera kwawo. Anthu atayamba kugula zamakono, iwo anakakamira yomweyo, nadziphunzitsa okha kulemba magemu. Yomwe ankainyadira inali ya kanjinga ka sakaramento, njinga zonyamula anthu zija, kochoka ku Chibavi kulowa m'tauni kakulumpha maenje ndi zithaphwi. Anaipanga Esme ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, atagona ndi chikuku.

Tsopano anali pampando wapawindo, atavala jekete ndi tayi, kudikira belu la sukulu yomwe anaisiya kalekale. Matenda oiwala anayamba ndi makiyi, kenaka mayina a aneba, kenaka njira. Kwawo ku Chibanja, komwe kale ankazindikira nyumba ndi mitengo ya mapeyala, kunamera mipanda ya njerwa ndi mahositelo a ana a kuyunivesite. Mwezi umenewo wokha anasochera katatu. Kachitatuko anapezeka ku Nkhorongo, mvula itawathera pathupi, akufunsa mlonda wa pageti lina kuti nyumba yawo aisunthira kuti.

Abale anakhala pansi. Mayi ake a Esme anamwalira kale, ndipo Esmeyo masana amakhala m'kalasi kuyunivesite. A Stanford, mng'ono wawo wa a Hudson, anagamula kuti Loweruka adzawatenga kupita nawo kumudzi, kuli maso ambiri. Esme anachonderera, nati aimika sukulu chaka chimodzi. A Stanford anakana. Anati madzi akatayika saoleka, munthu amene akumulimbirayo anachoka kale m'thupimo. Koma Esme mumtima anatsimikiza kuti bambo ake akangoona kanjinga kaja, abale adzaona okha kuti munthuyo akadalimo.

Kaseti inaduka Lachisanu m'mawa.

Anakhuthula makatoni onse a m'chipinda cha bambo ake, mapepala a mayeso akale ali mbwee, mpaka anapeza kope lachikuto chofiira. Munali gemu yonse yolembedwa pamanja, mzere uliwonse ndi nambala yake. Anayamba kutaipa. Mabatani anali olimba, ena ofunika kuwadina kawiri. Atadutsa theka, masana, magetsi anathima, ndipo popeza panalibe posungira, zonse zinapita. Anakhala akuyang'ana TV yakudayo mpaka bambo ake anamufunsa mwaulemu ngati akudikira aliyense.

Magetsi anabwerera Loweruka m'mawa. Esme sanasambe, sanamwe tiyi. Anataipa khutu lili kumsewu. Atafika patsamba lomaliza anapeza kuti chinyontho chinalidya, inki itasungunuka, mizere isanu yosawerengeka. Anaiyatsa gemuyo choncho. Kanjinga kanaoneka, koyera pamdima, kanayenda pang'ono n'kugwera m'dzenje loyamba. Batani lolumphira silinkagwira.

Esme anali m'chaka chachitatu cha maphunziro a makompyuta, koma chilankhulo cha makina akalewa sankaphunzitsa. Anayesa kulota mizere yosowayo. Kanjinga kanagwa. Anayesanso, kanaima osayenda n'komwe. Ali mkati moyesa kachisanu, kunja kunalira hutala ya galimoto.

Anamenya tebulo ndi zikhatho zonse, nagwetsera mutu pakope lija, nalira mosabisa.

"Mtsikana iwe, kulira sikukhozetsa masamu. Tasuntha."

Anali a Hudson, ataimirira kumbuyo kwake. Anakhala pampando, nakokera manja a jekete m'mwamba, nayang'ana mizere ya pa TV mosinzinira. Kope sanaliyang'ane. Anataipa ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, nafufuta zomwe Esme analota. Atadina batani lalitali, kanjinga kanafika padzenje n'kulumpha. Kanalumphanso lachiwiri. A Hudson anaseka, kuseka kwawo kwakale kotulukira m'mphuno.

Esme anawagwira mkono. "Adada, mwakumbuka?"

Anamuyang'ana mokoma mtima, ngati mmene ankayang'anira ana obwera kudzafunsa pambuyo pa kalasi, namufunsa kuti ali fomu yanji.

"Iyi ndapangira mwana wanga," anatero a Hudson, maso atabwerera pa TV. "Wagona ndi chikuku, sakudya. Ukuganiza aikonda?"

Esme anachotsa dzanja lake pamkono pawo. Anapukuta nkhope ndi kolala ya bulauzi.

"Aikonda chomene, sala," anayankha ngati mwana wa sukulu.

"Yewo," anathokoza iwo, napitiriza kusewera.

Esme atatembenuka anaona a Stanford ali pakhomo, makiyi m'manja. Sanadziwe kuti afika nthawi yanji kapena amva zingati. Zonse zomwe anakonzekera kuwauza zinali zitamuthawa. Chimene ankafuna kuwaonetsa chinali pamenepo, chimene iwo ankanena chinalinso pomwepo, ndipo analibenso mphamvu yotsutsana. Anangoloza ndi mutu chikwama cha zovala za bambo ake chomwe abale analongedza dzulo lake.

A Stanford anayang'ana chikwamacho, nayang'ana msana wa mkulu wawo, natuluka. Esme anadikira kumva buti ya galimoto ikutsegulidwa. M'malo mwake injini ya galimoto inazima.

A Stanford anabwerera, navula nsapato pakhomo, nakoka kampando kukhala pambali pa a Hudson. Anaonerera kanthawi, manja ali pamaondo. Kenaka anafunsa m'Chitumbuka, motsitsa mawu, kuti batani lolumphira ndi liti.

A Hudson anagwira chala cha mng'ono wawo n'kuchiika pabatanipo. Chikwama chinakhalabe pakhomo, chosanyamulidwa, chosamasulidwa, ndipo kunja mvula yamawawa inayamba kugwa pagalasi la galimoto.