Mphindi Khumi pa Makina Aphokoso

A Dokotala Tawanda, amene amayang'anira kafukufuku wanga ku yunivesite, anandilembera uthenga Lachiwiri: "Letwin, zisiye za kwantamuzi. Makinawo ali ndi phokoso lambiri. Sankha mutu wosavuta, apo ayi chaka chino sumaliza."

Mutu wosavuta, ati. Ndinapsa mtima mpaka tiyi anandizizirira m'kapu.

Kompyuta ya kwantamuyo ili kutsidya kwa nyanja. Ine ndimaituma ntchito pa intaneti ndili ku Hauna, pakhonde la sitolo pomwe netiweki imagwira. Phokoso lake si la m'makutu. Tizinthu towerengera m'kati mwake sitichedwa kusokonezeka: kungotentha pang'ono kapena kugwedezeka, yankho lapotoka. Pa nthawi imene anandipatsa yogwiritsa ntchito makinawo, zinatsala mphindi khumi zokha.

Ndinadandaulira amayi anga, a Immaculata, amene akhala akulawa tiyi kufakitale ya pa esiteti ya tiyi kwa zaka makumi awiri.

"Ndiye akuti udikire makina oyera?" anatero amayi. "Aiwa, mwanangu. Ife mvula ikagwa, madzi amamveka dothi, koma basa, ntchito yathuyi, sitiimitsa. Ndimapanga kapu imodzi ndi madzi omwewo, ina ndi madzi oipirapo, inanso ndi oipitsitsa. Ndikalawa makapu onse atatu ndimadziwa pomwe pathera dothi n'kuyambira tiyi."

Njira yofanana ndi imeneyo ilimo m'mabuku athu, koma a Dokotala ankati pa makina amenewa n'kutaya nthawi. Chabwino, nthawiyo inali yanga.

M'mawa mwake ndinakwera kombi kupita pakhonde paja. Pulogalamu yanga ndinaituma katatu: koyamba mmene inalili, kachiwiri nditawonjezera phokoso dala, kachitatu nditaliwonjezera mopanda chisoni. Ndinkaipitsa ntchito yanga ndi manja anga omwe, ndipo mantha ndinali nawo. Mphindi zija zinatheratu.

Mayankho anabwera: loipa, loipirapo, loipitsitsa. Koma anaipa mwadongosolo, onse atandanda pamzere umodzi. Ndinautsata mzerewo chobwerera mpaka pomwe phokoso likanakhala kulibe. Unakagwera pafupi zedi ndi yankho loona, limene tinaliwerengera kale papepala kuti tiyesere makinawo.

Ndinawatumizira a Dokotala. Anayankha patatha ola lathunthu: "Pitiriza mutu womwewo. Wakuthandiza ndani?"

Ndinalemba dzina la amayi ndi ntchito yawo. Anandifunsa ngati ndikuchita nthabwala. Dzinalo akaliwerenga okha patsamba loyamba la kafukufuku wanga, pamwamba pa lawo.