Sizasi Yosadula

A Kuthwa anali munthu wosapirira chinthu chobuntha. Akalowa m'nyumba ya munthu, moni asanathe n'komwe, chala chawo chachikulu chinkakhala chitayenda kale pa mpeni uliwonse umene waiwalidwa patebulo. Dzinali analitolera mumsewu, momwe ankakankha njinga yawo ya mwala wonolera pakaliyala, akukuwa kuti, "Mipeni! Masizasi! Zikwanje!" Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Vuto lawo linali limodzi: ankakhulupirira kuti chitsulo chilichonse padziko pano chinapangidwira kudula.

Pakhomo anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, amene aliyense ankangomuitana kuti Mzime. Mayi ake anamwalira tsiku lomwe anamubereka, magazi atakana kusiya. Nkhani imeneyi a Kuthwa sankaikamba, ndipo Mzime sankaifunsa. Mwanayo anakula, analowa sukulu ya unamwino, ndipo tsopano ankaphunzira ntchito ya kufiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, kumene namwino amaima pambali pa dokotala n'kumamupatsira zipangizo. Lolemba linali tsiku la mayeso ake omaliza, oonetsa ndi manja zimene waphunzira. Akakhoza, basi ntchito yapezeka. Akawaphonya, ndiye kudikira chaka china chathunthu.

Loweruka masana Mzime anayala nsalu yobiriwira patebulo lodyera. M'katimo munali zitsulo zonyezimira, zitandandalikidwa ngati ana asukulu pamzere.

"Aphunzitsi andibwereka mwakachetechete," anatero. "Lamulo sililola kuti zituluke pasukulu, koma akuti manja anga amanjenjemera, ndikayeserere kunyumba. Ababa, khalani apa. Lero inu ndinu adokotala."

A Kuthwa anakhala, nakonza kolala ya shati ngati udokotalawo ndi weniweni.

"Tambasulani dzanja. Ayi, musandiyang'ane! Dokotala sayang'ana namwino, maso ake amakhala pa wodwala. Ine ndimenya chipangizo pachikhatho panu, inu mungofumbata."

Thapu! Chitsulo chozizira chinagwera m'dzanja mwawo. Mzime anatchula dzina lake, nafotokoza ntchito yake, nachitenga, namenyanso china. Analankhula mpaka pakhosi kuuma. Koma makutu a a Kuthwa anali patchuthi. Chimene chinkamva tsiku limenelo ndi chala chawo chachikulu, chomwe chinkayenda chokha pa chitsulo chilichonse, ndipo zimene chinkapeza sizinawasangalatse ngakhale pang'ono. Ankangogwedeza mutu, "Eya, eya, mwana wanga," kumtima akung'ung'udza.

Lamlungu m'mawa Mzime anapita kukagwira ntchito kuwodi. A Kuthwa anazungulira tebulo lija kangapo, kenako anamasula nsalu ija. Anangofuna kuona, ankadziuza choncho.

Anayamba ndi sizasi ina yaitali. Inali yopindika, mwachionekere wina anaikhalira, ndipo nsonga zake zinali zobulungira ngati mphuno ya supuni. Panali kachitsulo kotsinira, kamene kumapeto kwake kunali timano tating'ono tokola chala, ntchito ya mmisiri waulesi amene sanamalize kusalaza. Koma chimene chinawapsetsa mtima kwenikweni chinali sizasi ina yachilendo. Zogwirira zake zinali za sizasi ndithu, koma pakamwa pake panali mizeremizere yokhakhala, ndipo ukaitseka inkalira kuti kete kete n'kudzikhoma yokha. Anaiyesa papepala, inangoliluma pepalalo n'kulisiya lamphumphu. Anaiyesa pa ulusi, ulusi unawaseka.

"Mwana wa wonola akalowe mayeso ndi sizasi yosadula?" anadzifunsa mokweza. "Chifukwa ndi mwana wa mmphawi ndiye amupatse zotsalira? Ine ndili moyo, ayi."

Anatulutsa njinga pabwalo, anaiimika pa sitandi, nakwera. Mwala unayamba kulira, nthethe za moto zili thethethe. Sizasi yopindika ija anaimanga muvayisi, chitsulo chawo chopanira zinthu, naiwongola pang'onopang'ono ndi kahamala, kenako nasongola nsonga zake. Timano tija anatidya ndi tupa mpaka pamalopo panali see. Sizasi yosadula ija inawavuta zedi, chifukwa chitsulo chake chinali chouma mtima, koma a Kuthwa sanagonjepo ndi chitsulo. Anapala mizere yonse, napeputsa milomo yake mpaka inasanduka mipeni iwiri. Dzuwa likupendeka anaiyesanso papepala. Tswee! Inadula. Anapukuta zonse ndi kansanza, nazindandalika monga anazipezera, nakhala pakhonde akuimba mluzu. Chikondi chinali chitawadzaza pachifuwa, ndipo akale aja sananame, safunsa anadya phula.

Mzime atafika, a Kuthwa sanamulole ngakhale kuvula nsapato.

"Kaone patebulo. Mawa anzako onse achita nawe nsanje."

Mtsikanayo anatsegula nsalu. Ananyamula sizasi yowongoledwa ija, naiika pansi. Ananyamula kotsinira kaja, nayendetsa chala pomwe panali mano. Atafika pa chachitatu anakhala pampando pang'onopang'ono ngati nkhalamba. A Kuthwa ankadikira kuthokoza.

"Ababa, mwatani?"

"Ndanola. Taona mmene ikudulira iyo." Anatenga pepala kuti aonetse.

"Siyani!" Mawu ake anatuluka mokuwa, ndipo aka kanali koyamba kuti awakuwire chibadwire. "Sizasi iyi amachita kuipinda dala, kuti izitha kulowa mokhota m'thupi. Nsonga zake n'zobulungira kuti isabaye matumbo a munthu. Mano awa ndi ogwirira khungu kuti lisapulumuke posoka. Ndipo ichi..." Anachikweza m'mwamba. "Ichi si sizasi, ababa. Ndi chopanira mitsempha. Sichidula, chimagwira. Munthu akamataya magazi, dokotala amapana nacho mtsempha, chimadzikhoma, magazi n'kusiya. Chimenechi mwachipangachi, atati apane nacho, chingaudule mtsemphawo pakati. Ndinakuuzani dzulo. Zonsezi ndinakuuzani dzulo, pompano."

A Kuthwa anayang'ana chitsulocho. Mawu oti magazi n'kusiya anawatengera pakhonde lina la chipatala, kalekale, pomwe namwino wina anawapatsira khanda lokulungidwa m'nsalu, maso ake ali pansi. Zaka zonsezi sanafunsepo Mzime chifukwa chake anasankha fiyeta pa ntchito zonse za unamwino. Tsopano yankho linali m'dzanja la mwanayo, ndipo iwo anali atalinola.

Manyazi anawayamba kumapazi. Anafuna kunena kuti akonza, koma wonola aliyense amadziwa kuti chimene mwala wadya sichibwerera. Tsiku limenelo pakhomopo moto sunasonkhedwe.

M'mawa Mzime anavala yunifolomu yake, nanyamula nsalu ija.

"Inu tsalani," anatero, osawayang'ana.

Iwo anavala jekete lawo la paukwati ndi pamaliro, namutsatira chapatali ngati galu amene waba nyama. Pasukulupo ophunzira anali piringupiringu m'khonde, ena akunong'ona mayina a zipangizo, maso ali tsinzi. Mzime analowa muofesi ya aphunzitsi ake. Chitseko sichinatsekeke bwino, ndipo a Kuthwa anaima pambali pake, chipewa chili m'manja.

Anamva nsalu ikutsegulidwa.

"Wachita izi ndani?" Anali mawu a mayi wachikulire, osakweza, koma olemera.

Mzime anati, "Ndine, aphunzitsi. Ndinaona ngati zabuntha, ndiye ndinakapereka kwa wonola wina wamumsewu."

"Wonola wamumsewu! Iwe, amene ndakuphunzitsa ndi manja angawa? Wonolayo sindimuimba mlandu, ndi mbuli, chilichonse chachitsulo amachiona ngati chikwanje. Mbuzi ikalowa m'munda timafunsa amene watsegula khola. Koma iwe ukudziwa kuti chimenechi chikanasochera n'kukalowa m'paketi ya opaleshoni yeniyeni, bwenzi tikutulutsa mtembo? Ngati sukudziwa ntchito ya chopanira, ndikulole bwanji kuyandikira wodwala, lero kapena tsiku lina lililonse?"

A Kuthwa anamvetsa bwino zimene mwanayo ankachita: ankadzipaka umbuli wawo kuti dzina la bambo ake lisatuluke, ndipo umbuliwo unali pafupi kumuchotsetsa sukulu yonse. Miyendo yawo inkafuna kubwerera kunyumba. Anagogoda chitseko chotsegulacho.

"Odi, mayi."

Aphunzitsi anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Lowani. Tikuthandizeni, bambo?"

"Wonola wamumsewuyo ndine." Analoza Mzime ndi chipewa chija. "Ndine bambo ake a mwanayu. Sanandipatse ayi. Ndinamasula ndekha iye ali kuntchito. Wakunamizani pofuna kundibisa."

Mzime anaphimba nkhope ndi manja. Aphunzitsi anavula magalasi, ndipo zinaoneka kuti nawonso mawu aja a mbuli ndi mbuzi akuwatentha m'kamwa. Koma sanawabweze, poti anali oona.

"Mwanayu sanakuuzeni ntchito ya zipangizozi?"

Apa panali khomo lothawira, ndipo a Kuthwa analiona. Akanangoti sanandiuze, mlandu ukanagawanika. Anayang'ana chopanira chija patebulo, chikunyezimira bwino kuposa zonse, ntchito yawo yosiririka.

"Anandiuza, mayi. Chimodzichimodzi, mpaka mawu anamuthera. Ine ndi amene sindinamvere."

Aphunzitsi anapuma mozama. Anati anali okondwa kumva kuti Mzime ntchito amaidziwa, ndipo za kumuchotsa sukulu zithere pomwepo. Koma zipangizozo zinali za mayeso a tsiku lomwelo, kuonongeka kwake sikukanabisika, ndipo akuluakulu a sukulu anayenera kuuzidwa nthawi yomweyo. Aphunzitsi eniwo akayankha mlandu wobwereketsa. Wophunzira amene katundu wa sukulu waonongekera m'manja mwake salowa mayeso mpaka nkhani yake itaweruzidwa, ndipo mayeso sadikira munthu.

A Kuthwa anagwada, jekete ndi ulemu wawo wonse, pasimenti ya ofesi imeneyo.

"Mayi, ndapota nanu. Wolakwa ndine. Langani ine."

"Dzukani, bambo, chonde," anatero aphunzitsiwo, mawu atafewa. "Ndikulangeni bwanji? Inu mulibe mayeso oti ndikuletseni."

Anatuluka kudzera m'khonde lomwe lija. Anzake a Mzime anali pamzere pakhomo la chipinda cha mayeso, atavala kale zisoti ndi zophimba pakamwa, moti ankangooneka maso okha, ndipo maso onsewo anawaperekeza mpaka kugeti. Panjira mayi wina wogulitsa nyama anawakuwira, "A Kuthwa! Mwasowatu, mipeni yanga yonse yagona!" Iwo anadutsa ngati dzinalo ndi la munthu wina.

Njinga inakhala kuseri kwa nyumba sabata yonse, mwala wake uli gwa. Bambo ndi mwana ankapatsana moni ngati alendi a nyumba imodzi. Tsiku limene zotsatira zinatuluka, foni ya Mzime inalira kosalekeza, anzake akusangalala, ndipo iye anawayamikira onse ndi mawu okoma, kenako anakadzitsekera kuchipinda. A Kuthwa anamva kulirako kudzera pakhoma. Akanakonda mwanayo akanawatukwana, koma ngakhale mwayi umenewo sanawapatse.

Loweruka lotsatira, masana, anamva akuitanidwa. Patebulo lodyera panali thaulo loyalidwa, ndipo pathaulopo panandandalikidwa masupuni, foloko, sizasi yakale ya malemu mayi ake ndi zopanira zovala zapachingwe.

"Khalani apa," anatero Mzime. Maso ake anali akadali otupa. "Chaka n'chachitali, manja angaiwale. Aphunzitsi sangandibwerekenso kanthu, ndiye tiyeserera zomwezi."

A Kuthwa anakhala. Kolala sanaikonze.

"Tambasulani dzanja."

Thapu! Chopanira zovala chamtengo chinagwera pachikhatho pawo.

"Ichi n'chiyani?"

"Chopanira mitsempha," anayankha motsitsa.

"Ntchito yake?"

"Sichidula." Anabwerezanso. "Sichidula. Chimagwira, kuti magazi asiye."

Chala chawo chachikulu chinali chitagona phee pambali pa zinzake.

"Bwino. Tipitirize. Kumbukirani, dokotala sayang'ana namwino."

Lamulo limenelo silinawavute a Kuthwa. Ngakhale akanauzidwa kuti amuyang'ane, maso omuyang'anira analibe.