Chitseko cha Amayi

Amayi anatipatsa mpaka Lachisanu. Galimoto ya malemu abambo inali itagona m'galaja zaka zisanu ndi ziwiri, nkhuku zikuikira pampando wakumbuyo.

"Ikapanda kuyenda, wogula zitsulo zakale adzaitenge," anatero. "Ndatopa kuisesera pansi."

Injini ndinaidzutsa ndekha, mutu n'kukula. Koma kunsi, dzimbiri linali litadya chasisi, msana wa galimotoyo, ndipo madigadi akutsogolo, malata ophimba matayala, ankagwedera ngati dzino la mwana. Ndinagula zitsulo zolimbitsira, n'kukweza mbali imodzi pa jeke, n'kuwotcherera Lachitatu lonse. Achemwali anga, omwe kuwotcherera ndiyo ntchito yawo, sindinawafunse. Ndinkafuna adzangoona zitatha.

Nditatsitsa jeke, chitseko cha mbali yomwe ankakhala amayi chinakana kutseka. Ndinachimenya katatu, chikubwerera. Thukuta kamukamu, ndinawaimbira foni achemwali.

Anabwera m'mawa ndi chikwama chawo cha zipangizo. Sanaseke. Anayendetsa chala mumpata wa chitseko, pamwamba mpaka pansi.

"Unawotcherera ili pa jeke?"

"Eya."

"Ndiye waiumitsa ili chopindika, iwe. Kuchipatala amayamba awongola mwendo, chikhakha pambuyo."

Ntchito yanga ya tsiku lathunthu anaidula m'mphindi makumi awiri. Zinandiwawa, koma safunsa anadya phula. Ndinangowagwirira nyale.

Kenako ndinaona ntchito. Galimoto anaiimika pa matayala ake onse anayi, pasimenti yosalala. Anakoka chingwe kuchokera ngodya yakutsogolo kufika yakumbuyo mopingasa, mbali zonse ziwiri, mpaka miyeso inafanana. Chitsulo chilichonse ankangochigwiritsa ndi timadontho ta moto, kadontho kuno, kadontho kutsidya, kuti kutentha kusakokere galimoto mbali imodzi. Akadontheza, ankadzuka, kutsegula chitseko, kuchitseka, kumvetsera, n'kugonanso pansi. Ndinawerenga maulendo khumi ndi anayi, kenako ndinasiya. Zitsulo za madigadi anazimanga ndi mabawuti, osathina, mpaka boneti itakhala pakati penipeni. Ndinakula nawo nyumba imodzi achemwaliwa, koma tsiku limenelo ndinawapatsa ulemu wa mlendo.

Pofika madzulo chitseko chinkatseka ndi chala chimodzi.

"Nthawi ya abambo sichinkatero," ndinatero.

"Chinali chokhota kuyambira kale. Chinkafuna kuchinyamula pang'ono uli panja. Ukuganiza abambo ankazungulira galimoto kudzawatsekera amayi chifukwa chiyani?"

Lachisanu wogula zitsulo anafika ndi lole yake, n'kuima pageti. Ine ndinaliza injini. Amayi anatuluka ndi tsache m'manja, analiimika pakhoma, n'kukwera pamalo pawo. Anakonza diresi, anaika manja pamiyendo, maso kutsogolo. Chitseko chinali chotsegula, iwo osachikhudza n'komwe.

Ndinafuna kuwauza kuti angochikoka, n'chopepuka tsopano. Achemwali anandiyang'ana diso limodzi, ndinameza mawu. Anapukuta manja pa ovololo, anazungulira kutsogolo kwa galimoto mosafulumira, anagwira chitseko ndi manja awiri ngati cholemera, n'kuchitseka. Kenako anagogoda padenga kawiri, monga ankachitira abambo.

 Misozi inatsika m'masaya mwa amayi, sanaipukute.

"Kawauzeni bambo ali pagetiwo achotse lole yawo," anatero. "Atitsekera njira."