Chaka Chimene Pampu ya Asilikali Sinabwere

Mvula itagwa mosalekeza mu Januwale, msewu wa kuseri kwa msika wa Chelstone unasanduka dziwe. Madzi ake anali akuda, onunkha, osakanikirana ndi za m'zimbudzi zosefukira. Kunyumba kwa a Chalwe madziwo anali atafika kale pakhonde. M'chipinda cha pafupi ndi khomo munagona a Nicodemus, bambo okalamba amene anafa mbali imodzi ndipo sankatha kutsika okha pabedi. Mpongozi wawo Elizabeth, amake Bethany, ankangoona madziwo akukwera.

Zaka zonse vutoli linkatha mosavuta. Bruce Chalwe, mwana wa a Nicodemus komanso mwamuna wa Elizabeth, anali msilikali wa gulu lokonza misewu ndi milatho. Madzi akasefukira, gulu lakelo linkatumizidwa kukathandiza, ndipo iye ankaonetsetsa kuti lole ya pampu yadzera kwawo. Anthu a mumsewuwo anazolowera zoipa. Panalibe wopita kwa khansala, panalibe wogwira fosholo. Ankangonyada kuti, "Ise tili na msoja wathu." Koma chaka chimenechi Bruce ndi anzake ambiri anali kunja kwa dziko, pa ntchito yosungitsa mtendere.

Elizabeth anaimba foni kukampu. Anamuyankha mwaulemu kuti anyamata otsala ndi ochepa, ndipo onse apita kumakomboni kumene nyumba zikugwa. Mayiyu anaponya foni pampando, mtima ukuwira.

Posakhalitsa a Chisanga, aneba a kutsidya kwa msewu, anafika atapinda buluku mpaka m'maondo.

"Amake Bethany, pampu ili kuti?" anakuwa ali pageti. "Ba Chalwe bayenda kusunga mtendele wa bantu benangu, ise kuno timila mu matuvi!"

"Nanga ndine ninabatuma?" Elizabeth anabweza moto. "Beve bagona mu tenti kutali uko, atate bawo bali pafupi kugona mu manzi. Kakalipileni boma, osati ine!"

Phokosolo linakoka a Virginia Kalenga, amene amagwira ntchito ya zaumoyo pa kiliniki komanso ali m'komiti ya m'dera yoona za ngozi zadzidzidzi. Anabwera atavala majombo, nkhope ili gwa.

"Kukwiya kwanu kulibe mulandu, naine nakwiya," anatero a Virginia. "Kusunga mtendele kunja ni nchito yabwino. Koma basoja bakayenda, manja yasala yang'ono kuno, ndipo mvula siyembekeza. Tili na ufulu wofunsa boma kuti lasiya ndani. Tizafunsa. Manje funso silingachose manzi lelo. Bwelani muone."

Anawatsogolera kuseri kwa nyumba. Kumeneko ngalande yochokera kumsika inkafika pa mpanda wa a Chalwe n'kuthera pomwepo. Pomanga mpandawo, amisiri anatseka njira ya madzi ndi mabuloko. Pamalopo panalinso matumba a zinyalala ambirimbiri, ndipo a Chisanga atawaona anayamba kuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo.

"Pampu inali kubisa chabe vuto," anatero a Virginia. "Apa pafunika kuboola."

Elizabeth anachita kulumpha. Mpanda umenewu Bruce anaumanga asananyamuke, n'kuika mabotolo osweka pamwamba, kuti banja lake lizigona mwamtendere iye kulibe.

"Ati bwanji? Boma lanitengela mwamuna, imwe mufuna munitengele na mpanda? Bakawalala bakangena, muzabwela ndimwe?"

A Virginia asanayankhe, kunamveka mawu ofooka kuchokera m'nyumba. "Amake Bethany! Mwana wanga!"

Elizabeth anathamanga. Madzi anali atalowa m'chipinda. Mapatapata a apongozi ake ankayandama pafupi ndi bedi, ndipo nsonga ya bulangete inali itanyowa kale ndi zonyansazo. Nkhalambayo inkayesa kukweza mwendo wakufawo ndi dzanja limodzi, koma inkalephera. Elizabeth anamva manyazi ndi ukali nthawi imodzi. Anatuluka, anatenga hamala ya mwamuna wake m'chipinda chosungiramo katundu, n'kukamenya mpandawo yekha.

"Ba Chisanga, mwaimilila chani?" anakalipa a Virginia. "Itanani bamuna, munyamule ba shikulu ba Nicodemus pa mupando, mubapeleke kwanga. Mukabwela muchose masaka yanu aya!"

Aneba anatuluka mmodzimmodzi, wina ndi piki, wina ndi wilibala. Buloko loyamba litagwa, madzi anathamangira pabowo ndi mkokomo, n'kutsikira ku ngalande yaikulu ya kumsewu. Dzuwa lisanapendeke khonde linayamba kuoneka. A Virginia anadziwitsa ofesi yoona za ngozi zadzidzidzi, anagawa kolorini, n'kuchenjeza aliyense kuti asamwe madzi osathira mankhwala kapena osawiritsa. Mumsewu wonsewo palibe amene anadwala kolera. Pabowo paja wowotcherera zitsulo anaikapo nsambo zolimba, zoti madzi azidutsa koma munthu ayi.

Ukali wa Elizabeth sunathe, koma unapeza kolowera. Pa msonkhano wa m'dera anaimirira pamaso pa khansala.

"Ba khansala, ine ndine mukazi wa msoja, ndipo ninyada na nchito yawo. Koma nifunsa: pamene mutuma bamuna bathu kunja, mumasiya ndani wa manzi na kolela? Osatiuza pamene tamila kale. Tifuna kuziba mvula ikalibe kuyamba!"

Anthu anaomba m'manja mpaka khansala anapukuta thukuta. Analonjeza kukatula funsolo kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo komiti sinamusiye mpaka yankho linabwera. Chaka chisanathe, achinyamata a m'deralo anaphunzitsidwa kuthandiza pa ngozi, ndipo dera linapeza pampu yakeyake. Loweruka lililonse la mu Okutobala anthu ankagwapo kuyeretsa ngalande, a Chisanga ali patsogolo ndi fosholo.

Tsiku lina Bruce anaimba foni ya vidiyo, ndipo Elizabeth anamuonetsa bowo lija.

"Iwe! Nindani anaphwanya mpanda wanga?"

"Ndine, atate bake Bethany," anayankha, n'kutembenuzira foni kwa a Nicodemus, amene ankaothera dzuwa pakhonde louma. Bruce anayang'anitsitsa bambo ake.

"Ukanaphwanya mpanda wonse," anatero.

Asilikali athu akapita kukathandiza maiko ena, otsala kuno amachepa, ndipo thandizo likhoza kuchedwa. Musadalire munthu mmodzi amene mumadziwana naye. Tsegulani ngalande mvula isanayambe, musamange panjira ya madzi, dziwani komiti ya m'dera lanu, ndipo funsani atsogoleri anu mopanda mantha kuti akonza zotani za ngozi za kuno kwathu.