Dothi la ku Chablis M'kamwa Mwanga

Lero ndadzuka nditakwiya, ndipo sizikundichoka.

Ndinalota ndili ku Chablis, dera la ku France lomwe mlamu wanga, woperekera zakumwa kuhotela, anandisimbira dzulo. Akuti vinyo sangatchedwe dzina la deralo pokhapokha mphesa zake zitamera m'dothi la komweko.

Kunali chisanu choluma zala. Alimi anayatsa timoto m'mizere ya mphesa kuti mphukira zisafe, phiri lonse lili ngwee. Kenako panatulukira amonke akale, azibambo odzipatula a tchalitchi, amene akuti ndiwo anadzala mphesazo. Mmodzi anatapa dothi loyera lodzaza ndi tizigoba ta nkhono, n'kundiika m'kamwa. Linali lozizira, lamcheremchere, mchenga wake ukulira m'mano.

"Mayi, kwanu mumalima chiyani?" anandifunsa m'Chichewa.

"Mpunga wa Kilombero, ku Karonga."

"Tiuone."

Ndinamasula thumba langa, koma munali mpunga wosweka, wopanda fungo, uja mavenda amasakaniza n'kumakuwa mumsika kuti ndi Kilombero. Mmonkeyo anaununkhiza, n'kundiyang'ana ngati wakuba ndine.

"Si wanga uwu, abambo. Wanga ukakhala pamoto, fungo limafika kwa aneba."

Koma mawu sankamveka, dothi lija linali litanditseka pakhosi. Mmonkeyo anandikankhira kunja kwa mpanda wamiyala wa mundawo.

Kaya malotowa akutanthauzanji. Chomwe ndikudziwa n'chakuti msana wanga unapindikira m'matope a ku Karonga, koma dzina la mpunga wanga aliyense amangolitola ngati chitenje chogwa pachingwe. Anzathu aja dothi lawo amalilondera ndi lamulo. Langa akulilondera ndani?