Magolovesi a Sefa

Ine mpira ndinaukonda ndisanakonde mwamuna, ndipo amuna anga amadziwa zimenezo. Tinakumana kubwalo komweko, iwo akuimba ng'oma ya ochemerera, ine ndikulalatira oyimbira mpira. Ndiye munthu asandiuze kuti ndimapita ku mpira chifukwa mwana wanga ndi goloboyi wa timu yathu. Mwanayo anandipeza ndili kale sapota.

Ntchito yanga ndi yautelala. Makina anga amakhala pakhonde la sitolo ya utoto, moyang'anana ndi pamene amuna anga amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Jezi ya timu ikang'ambika imabwera kwa ine, ukonde wa pagolo ukabooka umabwera kwa ine, ndipo chaka chino magolovesi a mwana wanga ndawasoka mpaka ulusi wachuluka kuposa nsalu yake.

Chaka chino, abale, tachiona. Kampani imene inkatithandiza inatisiya ligi isanayambe. Womwetsa zigoli wathu, mnyamata amene tinamulera tokha, anatengedwa ndi timu ya anthu olemera, ndipo atabwera kudzasewera nafe anatimwetsa ziwiri n'kukweza manja kupepesa, ngati kupepesako kumafufuta zigoli. Otchinga kumbuyo awiri anavulala mwezi umodzi. Basi yathu ndi ija yoti osewera ayambe aikankha kaye, pofika kubwalo atatopa kale. Dzina lathu ukamalifuna pa nyuzipepala umangoyambira kumunsi kuti usataye nthawi.

Koma anyamata amenewa ine ndimawavulira chipewa. Kaputeni amasenza matumba a simenti m'mawa, madzulo ali pabwalo akukalipira anzake kuti athamange. Kochi wamera imvi chaka chimodzi chomwechi, koma sanathawe, pomwe ena akanathawa kalekale. Ndipo akaluza, kaya ndi zitatu kaya ndi zisanu, onse amayenda mpaka kumene timakhala ochemerera, n'kutiombera m'manja mitu ili pansi. Ena amawagenda ndi makoko a zipatso. Sabata yotsatira amabweranso.

Timu ikamaluza, anthu amafuna munthu mmodzi woti amuloze chala, ndipo wosavuta kuloza ndi amene amatola mpira mu ukonde. Tsiku lina mpira wofooka, woti ngakhale ine ndikanaugwira, unadutsa pakati pa miyendo ya mwana wanga. Wina anakuwa kuti, "Uyu si goloboyi, ndi sefa!" Basi, dzina linamatirira. Mwana amene mwezi womwewo anali atatipulumutsa kambirimbiri anasanduka Sefa, ndipo anamupekera ndi nyimbo yomwe.

Kuyambira tsiku limenelo amuna anga anaika ng'oma pamwamba pa kabati ya zovala, osapondanso kubwalo. Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinandiwawa ndi kalankhulidwe kawo.

M'nyumba mwathu muja, kuyambira tili achinyamata, timu ikapambana timati tawina, ikagonja timati taluza. Mwana wanga anakula akumva zimenezo. Amuna anga ankawaseka anthu amene amati tawina Loweruka lino, Loweruka linalo n'kumati aluza. Ankati amenewo ndi masapota a dzuwa, mvula ikangodontha sawoneka.

Ndiye madzulo ena titabwerako kubwalo, ine ndikuvula nsapato pakhomo, iwo ali pampando akupukuta magalasi awo akuda owotcherera aja, anafunsa osadzutsa mutu kuti, "Aluzanso anthu aja?"

Mwana anali kuseri kwa nyumba, akuchapa magolovesi m'beseni. Ndinamva madzi asiya kukhuvuka.

Anapirira tsiku limenelo ndi masabata otsatira, pomwe bambo ake ankabwereza mawu omwewo. Anadzalankhula kutatsala masewero amodzi, omaliza, oti tikapambana titsala mu ligi, tikapanda kupambana tatuluka. Anabwera pakhonde langa ndi magolovesi, chala chachikulu chitasosoka.

"Amayi, mungosoka pang'ono, zoti zifike Loweruka. Ndikatero ndasiya."

"Wasiya chiyani?"

"Mpira. Amalume akufuna munthu wowathandiza kugalaja. Ndawauza kale."

"Iwe, ukusiya chifukwa cha zidakwa zoimba Sefa zija? Anthu oti sangagwire ndi chipewa chawo chomwe mphepo ikawomba?"

Anaseka pang'ono, kenako anayang'ana tsidya la msewu, kumene moto wa bambo ake unkathetheka. "Za Sefa zilibe kanthu, amayi. Adadi amati aluza. Inu simumamva? Kale ankati taluza."

Ndinamva, mwana wanga, ndinamva kalekale. Koma ndinangosoka chala chija mtima ukuwira, mpaka ndinadzibaya ndi singano. Atangochoka ndinawoloka msewu tepi yoyezera idakali m'khosi.

"Abambo, tazimitsani motowo."

Anakweza magalasi. "Kwagwanji?"

"Mwana akusiya mpira chifukwa cha inu. Munthu wamkulu ngati inu, mwasanduka sapota wa dzuwa? Mwana wanu yemwe mwamuika m'gulu la anthu aja?"

Ndinayembekeza kuti akalipa, chifukwa nawonso mtima wawo ndi wapachala. Koma anangokhala pa chitini cha utoto n'kupukuta thukuta. "Mayi, nyimbo ya Sefa ija anaiimbira pa ng'oma yanga. Ine ndikuimba, osadziwa kuti akuikapo mawu otani. Pomwe ndimazindikira, bwalo lonse likunyoza mwana wanga, woyendetsa nyimboyo ndili ine. Ndikapitanso kumeneko ndikamenya munthu."

Apo mkwiyo wanga unachepa, koma sunathe. "Ndiye muuzeni mwanayo zimenezo."

"Akudziwa."

"Adziwa bwanji, ndi mneneri? Iye akungomva aluza, aluza."

Anatsitsa magalasi n'kuyatsanso moto. Amuna ena kuti alankhule ndi mwana wawo mpaka uwakoke lilime ndi pulayala.

Loweruka litafika ndinakwera pampando n'kutsitsa ng'oma ija pakabati. Inali ndi fumbi lokhalokha. Iwo anandiona ndikuipukuta, anandiona ndikuikoleka paphewa. Ndinatuluka ndikumenyetsa chitseko dala.

Bwalo linadzaza kuposa tsiku lina lililonse chaka chino. Anthu ndi odabwitsa, amene anatithawa miyezi yonseyi anabwera kudzaona mmene tifere. Alendo athu anali timu yachiwiri kuchokera pamwamba, anyamata onenepa bwino, majezi atsopano, nsapato zofanana. Athu analowa ndi majezi a zigamba zanga, ndipo ndinanyada ngati avala masuti.

Wezulo italira ndinayamba kuimba ng'oma. Ndisaname, sindidziwa kuimba ng'oma. Ndinkaimenya ngati ndikukutumula matiresi. Mayi wina wogulitsa madzi ozizira anandipempha mwaulemu kuti ndipumuleko, ndinamuuza kuti asamale za madzi ake.

Koma zimene zinkachitika pagolo lathu, abale inu! Alendo aja anabwera ngati njuchi. Mpira woyamba mwana wanga anauponyera pamwamba pa golo ndi nsonga za zala. Wachiwiri anautchinga ndi bondo. Wachitatu anadziponya pamapazi pa munthu, nsapato n'kumupala patsaya, anadzuka akutuluka magazi, mpira uli pachifuwa. Kaputeni ankathamanga ngati alibe mapapo. Kutsogolo kwathu ndiye kunalibe mano, monga mwa masiku onse, koma ankayesa, ndipo mpira wina unagunda chitsulo mpaka tonse tinagwira mitu.

Chigawo chachiwiri chili pakati, wotchinga kumbuyo wathu anagwetsa munthu m'bokosi. Oyimbira analoza penate. Ndinawatchula mayina amene sindingabwereze pano, ngakhale mumtima ndinkadziwa kuti inali penate ndithu. Kumbuyo kwanga wina anayamba kale kanyimbo kaja, "Sefa, Sefa," ndipo ine pofuna kukaphimba ndinamenya ng'oma ndi mphamvu zanga zonse.

Dzanja lokhakhala linagwira mkono wanga.

"Mukuiwononga ng'omayo. Bweretsani kuno."

Anali amuna anga, ovololo ya kuntchito idakali m'thupi, magalasi owotcherera ali pamphumi. Ndinamva pambuyo pake kuti anali ataima kuseri kwa mpanda kuyambira pachiyambi, akusuzumira pampata wa malata. Zonse anapirira, koma kuimba kwanga ndiye kunawakanika.

Anakoleka ng'oma, n'kuyamba kamayimbidwe kakale kaja, kamene mwana wathu ankagona nako ali khanda. Oimba Sefa aja anasokonezeka n'kukhala chete. Pagolo paja ndinaona mwana wanga akutembenuza mutu kamodzi kokha, kuyang'ana kumene tinali. Kenako anaomba magolovesi ake n'kuwerama.

Womenya penate anauponya kumanzere, pansi, mwamphamvu. Mwana wanga anali atafika kale kumeneko.

Sindikudziwa kuti ndinakumbatira ndani. Ndikuganiza kuti anali mayi wa madzi uja. Ndipo anthu opanda manyazi aja anayambanso kuimba "Sefa! Sefa!", koma tsopano akudumpha, akumutamanda ndi dzina lomwe ankamunyoza nalo. Amuna anga anazengereza pang'ono, kenako anawaimbira ng'oma.

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti tinagoletsa. Sitinagoletse. Mphindi zomaliza ngakhale mwana wanga anathamangira kutsogolo pa kona, mpira unamudutsa pamwamba pa mutu. Wezulo yomaliza inalira opanda wogoletsa. Kanali koyamba chaka chonse kuti ukonde wathu usagwedezeke, ndipo tsiku lomwelo ndi limene tinatuluka mu ligi. Ndinalira, sindibisa.

Anyamata anagona pansi pomwe anali. Kochi anayenda kuwadzutsa mmodzimmodzi, ndipo monga mwa chizolowezi chawo anabwera kumene tinali kudzatiombera m'manja. Palibe anawagenda. Anthu anaimirira.

Mwana wanga anafika pawaya wotchinga bwalo, tsaya litatupa, magolovesi atavula kale. Anaima patsogolo pa bambo ake osawayang'ana kumaso. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa amuna angawa ndimawadziwa, akhoza kuyamba kufotokoza za kona ija.

Anakhosomola. Anakonza lamba wa ng'oma amene sanafunike kukonza.

"Tatuluka, mwana wanga," anatero.

Mwana anadzutsa mutu.

"Tatuluka, koma lero tasewera mpira. Kumunsi kumene tikupitako mabwalo ake ndi a miyala, ndinapitako kale iwe usanabadwe. Tikavutika. Kutsogoloku tikufunika munthu wodziwa kumene kuli golo, apo ayi tikakhalitsa. Koma pagolo tilibe vuto."

Anangonena zomwezo, n'kuyamba kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Mwana anapukuta m'maso ndi mkono wa jezi. Anayang'ana magolovesi aja kanthawi, kenako anawadutsitsa pa mpata wa waya n'kundipatsa.

"Amayi, chala chija chasosokanso. Koma ulendo uno musoke zolimba."